Adadi Ali ndi Interview Lachinayi

Group: interview ya madala
Adadi, Sisi, Mzime

LOLEMBA

Sisi 12:41
cv ndayiona. masamba 5 ndi ambiri. school ikufuna driver wa basi, sikufuna mbiri ya moyo

Sisi 12:41
ndidula, likhale tsamba limodzi

Mzime 12:43
ndinakuuzani madala, sisi ndi a HR, ma cv amamwera tiyi

Mzime 12:43
nambala ya adadi ndi imeneyi sisi, mwina mulibe

Sisi 12:44
ndili nayo

Adadi 12:58
Muli bwanji mwana wanga. Zikomo povomera kundithandiza. Papita nthawi osalankhulana.

Sisi 13:02
ndili bwino. interview ndi liti

Adadi 13:09
Lachinayi, 9:30 m'mawa.

Sisi 13:11
ok. ndachotsa satifiketi ya pulayimale, ya ubatizo ndi ya mpikisano wa kwaya. "zokonda: kumvera wailesi" ndachotsanso

Adadi 13:17
Ya kwayayo imasonyeza khalidwe.

Sisi 13:18
khalidwe akaliona okha

Sisi 13:19
ma referee mwalemba atatu. onse ali moyo?

Adadi 13:26
Woyambayo anatisiya chaka chatha. Koma ndi amene ankandidziwa bwino kuposa onse.

Mzime 13:27
kkkkk nde awaimbira pa network yanji

Sisi 13:28
ndachotsa. atsala abusa ndi abwana anu omaliza. auzeni lero kt aimbiridwa

Sisi 13:30
zaka 22 pa kampani imodzi, izi nde zikhale pamwamba. munachoka chifukwa chani? afunsa

Adadi 13:44
Anachepetsa anthu.

Sisi 13:45
nenani choncho. mwachidule, osadandaula, osanyoza abwana

Sisi 13:46
homework. funso loyamba limakhala tell us about yourself. jambulani mawu ngati muli pamaso pawo. ndikulowa meeting

Adadi 16:05
🎤 mawu 6:14

Sisi 16:40
ndamvera mpaka 2:30. mukadali ku pulayimale ndipo agogo sanagulitsebe njinga

Mzime 16:41
dikirani sisi kutsogoloko kuli ya galu uja

Sisi 16:43
mphindi imodzi basi. ndinu ndani pa ntchito, mwayendetsa chani, zaka zingati, mukufuniranji ntchitoyi. zakumudzi ayi

Adadi 17:20
🎤 mawu 0:41
"Ndine dalaivala. Ndayendetsa zaka makumi atatu, makumi awiri ndi ziwiri pa kampani imodzi. Ndagwirapo lole, minibasi ya antchito ndi galimoto ya abwana. Mowa sindimwa. Galimoto ndimaiona madzi, oilo ndi matayala ndisanailize. Ndabwera chifukwa ndikufuna ntchito... ee, chifukwa ndimakonda ana. Zikomo."

Sisi 17:31
bwino. "ndimakonda ana" aliyense anena zomwezo, tikonza mawa. ndipo musamatsokomole musanayambe chiganizo chilichonse

Adadi 17:38
Ndamva. Amayi anu ali bwanji?

LACHIWIRI

Mzime 09:12
📷 chithunzi

Mzime 09:12
madala mu suti. ndawauza aime ngati minister

Sisi 09:30
suti ayi. yakula m'mapewa, komanso akupatsani basi muyendetse pompo. malaya oyera, thalauza lakuda, nsapato zopolisha

Adadi 09:41
Malaya oyera alipo. Amayi anu aang'ono achapa kale, asita mawa.

Sisi 09:42
akazi anu asite ndi kolala yomwe

Sisi 09:43
polowa gogodani, perekani moni, osakhala mpaka akuuzeni. dzanja akapereka iwo. yang'anani amene wafunsa, osati pansi

Adadi 09:52
Kuyang'ana bwana m'maso si mwano?

Sisi 09:53
mukayang'ana pansi aganiza kt mukubisa kanthu

Sisi 11:15
funso lina. ana ndi ovuta, aphokoso, ena amadwala m'njira. how do you handle them

Adadi 11:29
Ndiwauza kuti ndalera ana anayi, ndiye ana si achilendo kwa ine.

Sisi 11:31
nenani awiri

Sisi 11:31
munachoka ine ndili ndi zaka 14, mzime 6. panel ikafunsa zambiri mudzasowa poyambira

Mzime 11:33
sisi

Sisi 11:33
ndikukonza yankho. pa interview osanena chinthu chimene sungachiimire

Adadi 12:10
🎤 mawu 0:58
"Mwanena zoona. Koma chimodzi ndikuchidziwa. Mwana akadwala m'galimoto sanena, amangoti zii, thukuta pamphuno. Ndinaphunzirira pa inu. Muli wamng'ono galimoto simunkagwirizana nayo, kungokwera basi mwasanza. Ndiye ndinkakukhazikani pa windo, buleki kuyambira patali, pa mahampu ngati ndanyamula mazira. Dzanja linazolowera, mpaka lero ndimayendetsa choncho. Abwana ankati ndimayenda ngati ndikuperekeza maliro."

Sisi 12:52
yankho ndi limenelo. chotsani za maliro. musanene kt ndi ine, ingoti mwana wanga wina

Sisi 12:53
tumizani chithunzi cha kalata yokuitanani, ndione zimene akufuna mutenge

Adadi 13:05
📷 chithunzi

Sisi 13:08
apa alemba 8:30. inu munati 9:30

Adadi 13:15
Ndinaona ngati 9.

Sisi 13:16
alemba zilembo zikuluzikulu, ndi mzere kunsi. mukanafika atatseka

Mzime 13:17
sanavale magalasi basi kkk

Sisi 13:17
magalasi ati

Adadi 13:24
Owerengera chabe.

Sisi 13:25
mzime

Sisi 13:31
mzime ndikuona kt uli online

Mzime 13:34
ndinali ndi customer pa mpando, ndimamumeta

Mzime 13:36
adokotala anati azivala nthawi zonse, makamaka poyendetsa. papita zaka ziwiri. amawasunga mu sokisi mu drawer. pepani madala

Sisi 13:38
ndifunsenso. ku kampani munachoka bwanji

Sisi 14:20
ndikudikira

Adadi 14:47
🎤 mawu 0:49
"Ndinagunda chipilala cha geti pobwerera m'mbuyo. Patatha mwezi ndinakhula galimoto ya mlendo poimika. Palibe anavulala. Abwana anandiitana mu ofesi, anatseka chitseko, anati mdala, takapumani. M'kalata analemba kuti achepetsa anthu, kundisungira ulemu. Ndi zimenezo."

Sisi 14:55
masiku onse awiriwo magalasi munavala?

Adadi 15:01
Ayi.

Sisi 15:04
pa geti la school sipaima chipilala. pamaima ana, ena aafupi kuposa tayala la basi

Sisi 15:06
zinthu zitatu. 1 mawa mukayezetse maso, lipoti likhale m'manja. 2 magalasi kumaso, pa panel ndi pa chiwongolero. 3 akafunsa za kampani munene zimene mwandiuzazi

Sisi 15:06
apo ayi cv yokonzayi sinditumiza, ndipo ndituluka mu group

Adadi 15:25
Mwana wanga, dalaivala wa imvi ndi magalasi amamuona ngati watha. Ndikawonjezera za chipilala ndiye ndadzikumbira ndekha. Ndakhala pakhomo miyezi eyiti. Aang'ono anuwa akadali pa sukulu.

Sisi 15:28
ndamva. zitatuzo sizisintha

Sisi 15:29
abwana anu ndi referee. school ikawaimbira n'kufunsa any accidents, mukuganiza anama chifukwa cha inu?

Mzime 15:50
sisi pang'onopang'ono. madala sanadye dzulo lonse ndi nkhawa

Mzime 16:30
madala yankhani kanthu

Mzime 17:45
nde nonse chete? ine ndingokhala ngati mpira wa pakati

LACHITATU

Sisi 07:20
a maso amene kampani yathu imatumizako ma driver ali pamwamba pa pharmacy, moyang'anana ndi depoti ya mabasi. masitepe ali kumbali. ndalembetsa dzina lanu, 10 koloko. tengani magalasiwo ndi laisensi

Mzime 08:05
madala mwaona?

Mzime 09:10
ndaimba sakuyankha. amayi aang'ono akuti atuluka m'mawa osanena kopita

Sisi 09:12
ok

Adadi 09:52
Ndafika. Pa benchi ndine wachitatu.

Mzime 09:53
🙏

Adadi 11:18
Ndatuluka. Diso lamanja ndi magalasi likuona mpaka mzere wapansi. Lamanzere layamba ng'ala, koma akuti ikadali yaing'ono. Alemba kuti ndikhoza kuyendetsa bola ndivale, ndibwerenso pakatha miyezi sikisi.

Adadi 11:21
Mwendo wa magalasi unali wogwedera, amanga. Popanda magalasi ndinawerenga mizere iwiri yokha yapamwamba. Sindinkadziwa kuti zafika pamenepo.

Sisi 11:40
jambulani lipotilo

Adadi 11:44
📷 chithunzi

Sisi 11:47
lili bwino, lili ndi stamp. pangani photocopy ziwiri. cv ndatumiza kwa mzime, aprinte pa pepala loyera, osapinda. zonse mu envelope imodzi: cv, laisensi, lipoti, kalata yawo

Mzime 11:49
ndaprinta kale boss. madala dutsani pa shop ndikumeteni

Mzime 14:32
📷 chithunzi

Mzime 14:32
musakalipe. akakamira okha

Sisi 14:50
mwatani kumutu

Adadi 14:58
Ndati ndichepetseko imvi pang'ono.

Sisi 14:59
makutu ada. chipumi chada. zikuoneka ngati mwagwera mu chitini cha polishi

Mzime 15:00
amangotembenuka kufuna kudziona pa galasi, nde burashi imapita kwina

Mzime 15:01
ma customer awiri awafunsa ngati akukwatiranso kkkk

Mzime 15:01
uthengawu wafufutidwa

Sisi 15:02
ndauona kale

Sisi 15:03
meta lotsika kwambiri. makutu sukani ndi sopo ndi mafuta mpaka zichoke

Adadi 15:12
Ndikameta lotsika imvi zionekanso m'mbali.

Sisi 15:14
zioneke. makolo sadana ndi driver wa imvi. amadana ndi wothamanga

Mzime 16:05
📷 chithunzi

Mzime 16:05
bwa apa? khutu lamanzere lakana pang'ono koma mwendo wa magalasi ukubisa

Sisi 16:09
zili bwino

Sisi 16:10
tsopano why did you leave your last job. jambulani

Adadi 16:31
🎤 mawu 1:52

Sisi 16:44
mwapepesa kasanu. mwaimbanso mlandu amene anamanga chipilala. chinali pomwepo zaka 22

Sisi 16:45
zitatu basi: chinachitika ndi chani, chifukwa chake, mwakonza bwanji. mukatero perekani lipoti, khalani chete. chete asakuopseni, musamudzaze ndi mawu

Adadi 17:02
🎤 mawu 0:33
"Ndinagunda chipilala, kenako ndinakhula galimoto yoima. Palibe anavulala. Chifukwa chake maso anafooka ndipo magalasi sindinkavala. Kulakwa kunali kwanga. Pano ndimavala, dzulo ndayezetsa, lipoti ndi ili."

Sisi 17:06
limenelo. osawonjezera

Sisi 17:07
pomaliza adzati muli ndi funso? mukhale nalo limodzi. la malipiro ayi

Adadi 17:19
Ndingafunse kuti amawerenga ana ndani pokwera ndi potsika? Mwana akhoza kugona pa mpando wakumbuyo, basi n'kutsekedwa.

Sisi 17:21
funsani limenelo

Adadi 17:26
Mukuona ngati mwayi ulipo?

Sisi 17:40
sindikudziwa. ine ndikanakhala pa panel ndikanakumverani mpaka kumapeto. zoposa apo sindingalonjeze

LACHINAYI

Adadi 07:02
Ndafika. Geti sanatsegule. Mlonda wandipatsa mpando wake.

Sisi 07:10
mwafulumira ndi ola ndi theka. mwadya?

Adadi 07:14
Tiyi ndi buledi.

Sisi 07:15
chithunzi

Adadi 07:19
📷 chithunzi

Sisi 07:20
kolala yapindika kumanzere. magalasi pukutani, pali chala

Mzime 07:22
cut yanga ikuwala koma. akakufunsani ometa wanu muwapatse nambala

Adadi 07:58
Atilowetsa mu khonde la ofesi. Tilipo anayi. Anzangawa ndi ana okhaokha, wina msinkhu wa mzime. Wandipatsa malo, akuti khalani apa agogo.

Sisi 08:00
khalani. mumuthokoze. nthawi zina a pa reception amafunsidwa mmene munakhalira podikira

Adadi 08:06
Manja akutuluka thukuta.

Sisi 08:07
pukutani pa thalauza musanalowe. foni zimitsani tsopano

Adadi 08:08
Chabwino.

Mzime 10:15
zili bwa kumeneko

Mzime 11:02
madala?

Mzime 11:03
sisi interview imatenga maola atatu?

Sisi 11:20
pali road test. zimatenga nthawi

Mzime 11:58
ndameta munthu mbali imodzi yokha, mtima suli pano

Sisi 12:24
foni ikadali yozima?

Mzime 12:25
eya

Sisi 12:26
ok

Adadi 12:47
Ndatuluka. Ndikhale kaye pansi.

Adadi 12:59
🎤 mawu 1:56
"Analipo atatu. Ahedi, amene ndi amayi, kenako bambo woyang'anira magalimoto, ndi kholo limodzi loimira makolo. Ndinagogoda, ndinadikira mpaka anati khalani. La about yourself linayenda. La ana odwala m'njira, kholo lija linagwedeza mutu, akuti wawonso amasanza. Kenako la kampani. Ndinanena monga tinakonzera, ndinaika lipoti pa tebulo, ndinatseka pakamwa. Chete amene uja, mwana wanga, ndinamva wotchi ya pakhoma. Bambo wa magalimoto anawerenga lipoti mpaka kuseri kopanda kanthu. Ahedi anati, nanga bwanji simunkavala? Ndinati manyazi, madam. Anati, lero manyaziwo ali kuti? Ndinati andilanda kunyumba. Sanaseke, analemba kanthu."

Adadi 13:04
🎤 mawu 1:10
"Kenako ku bwalo la mpira. Anaika migolo inayi, kuti tilowetse basi chobwerera pakati pake. Mnyamata wondipatsa malo uja analowetsa kamodzi, fyuu, ngati akuseweretsa. Wina anagwetsa mgolo. Ine ndinazungulira basi kaye, ndinakonza magalasi a m'mbali, ndinalowa pang'onopang'ono. Sindinakhudze mgolo, koma ndinatenga nthawi, bambo uja anayang'ana wotchi kawiri. Pa msewu anandiuza ndiwonjezere liwiro pang'ono. Akuti atiimbira mawa."

Mzime 13:06
nde mwakhoza madala

Sisi 13:15
funso lanu munafunsa?

Adadi 13:20
Ndinafunsa. Anayang'anana. Zikuoneka kuti palibe amene amawerenga.

Sisi 13:22
ok. mwachita zimene zinali m'manja mwanu. kadyeni

Adadi 13:30
Potuluka ndinaiwala envelopu pa tebulo, ndinabwerera kukatenga. Zawononga?

Sisi 13:31
ayi

LACHISANU

Adadi 08:40
Foni ndatchaja yadzaza. Sanaimbe.

Sisi 09:05
akadali m'mawa

Adadi 11:52
Abwana anga akale andiimbira. Akuti a sukulu anawafunsa ngati ndinachitapo ngozi. Anayankha kuti ziwiri zazing'ono. A sukulu anati tikudziwa, anatiuza okha.

Mzime 11:55
eish. sisi munalota?

Sisi 12:10
ndi funso limene ndimafunsa ine sabata iliyonse

Adadi 14:30
Ndiwaimbire ndine?

Sisi 14:33
ayi. mpaka lachiwiri

Adadi 16:55
Aweruka tsopano. Basi, mwina atenga anyamata aja.

Mzime 16:58
osataya mtima madala, ma office amachedwa

Adadi 17:12
Zikhale mmene zingakhalire. Mwana wanga, mawa ndi Loweruka. Ngati muli ndi mpata mubwere kunyumba, ngakhale ola limodzi. Aang'ono anu amangokuonerani pa chithunzi.

Mzime 17:40
ine ndikhoza kukutengani sisi, shop nditsegula masana

LOLEMBA

Adadi 10:26
Aimba.

Mzime 10:26
nde??

Adadi 10:35
Basi yaikulu apatsa mnyamata uja. Ine andipatsa minibasi ya ana a nazale, ana 14. Akuti kumeneko safuna wothamanga. Miyezi itatu yondiyesa kaye, ndipo lipoti la maso miyezi sikisi iliyonse. Akandipeza pa chiwongolero opanda magalasi, tsiku lomwelo ntchito yatha.

Adadi 10:38
Kuwerenga ana pokwera ndi potsika akuti ikhala ntchito yanga, poti ndinayambitsa ndine.

Mzime 10:39
🎤 mawu 0:09

Mzime 10:39
imeneyo ndi shop yonse ikuwomba m'manja

Sisi 11:02
congrats. muyamba liti

Adadi 11:07
Lachitatu. Mawa ndikayenda ndi bambo uja kuti andionetse makomo a ana.

Sisi 11:09
contract musasaine musanawerenge. jambulani masamba onse munditumizire. makomo lembani mu kabuku, osadalira mutu

Adadi 11:20
Ndichita choncho.

Adadi 11:34
Mwana wanga, ndilibe mawu okwanira. Simunali okakamizidwa kundithandiza. Ndikudziwa.

Sisi 11:50
basi munayendetsa ndinu

Adadi 11:56
Za Loweruka zija musadandaule nazo. Ndinangoyesa.

Mzime 13:15
nde interview yatha, group yatha ntchito. ndiifufute?

Adadi 13:24
Anene ndi achemwali ako.

Mzime 14:40
sisi?

Sisi 16:52
isiye kaye. probation ndi miyezi itatu